Wilma Rudolph ndi Atsikana a ku Tennessee State

Wilma Rudolph anabadwa pa 23 June 1940 ku Saint Bethlehem, m'chigawo cha Tennessee ku America, ndipo anakulira m'tauni ya Clarksville. Anali wa nambala 20 mwa ana 22 a bambo ake. Ali wamng'ono anadwala poliyo, mwendo wakumanzere n'kufooka. Poti masiku amenewo anthu akuda ankasalidwa m'zipatala zambiri, amayi ake ankayenda naye pabasi makilomita pafupifupi 80 kukalandira thandizo ku Meharry, mumzinda wa Nashville. Chitsulo chochirikiza mwendowo anachisiyiratu ali ndi zaka 12.

Amene anaona luso lake ndi Ed Temple, mphunzitsi wa masewera othamanga pasukulu yaukachenjede ya boma ya Tennessee A&I, yomwe lero ndi Tennessee State University. Sukuluyi inatsegulidwa mu 1912 kuti iziphunzitsa anthu akuda, ndipo ndalama zinali zoperewera. Atsikana a timu ya Temple, otchedwa Tigerbelles, ankagwira maganyu pasukulu pomwepo kuti alipirire maphunziro awo. Wilma anayamba kuchita nawo zokonzekera akadali kusekondale, moti mu 1956, ali ndi zaka 16, anabwerako ku mpikisano wa Olympics ku Melbourne ndi mendulo yamkuwa.

Mu 1958 anabereka mwana wamkazi. Ambiri akanati basi zake zada, koma chaka chomwecho analowa kuyunivesiteko. Mu 1960 ku Rome anapata mamendulo atatu agolide: pa liwiro la mamita 100, la mamita 200, ndi la anthu anayi opatsirana kandodo. Pa lomalizali kandodoko kanatsala pang'ono kumupulumuka, komabe anapitirira wa ku Germany. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti onse anayi, Martha Hudson, Lucinda Williams, Barbara Jones ndi iyeyo, anali a sukulu imodzi yomweyo. Kwa ine apa mpamene pagona nkhani, chifukwa kasukulu kosowa zipangizo kanagonjetsa maiko athunthu.

Akuluakulu a ku Clarksville atamukonzera chikondwerero, iye anakanitsitsa kukapezekako ngati azungu ndi akuda akhale padera. Anagonja, ndipo kanali koyamba m'tauniyo kuti mitundu iwiriyi isangalalire pamodzi pamwambo wa boma.

Anasiya kuthamanga mu 1962, natenga digiri ya uphunzitsi mu 1963, n'kubwerera kwawo kukaphunzitsa kupulayimale. Anamwalira ndi khansa ya muubongo pa 12 November 1994, ali ndi zaka 54. Pa Tennessee State pali nyumba yogona ophunzira yomwe inapatsidwa dzina lake.