Mbiri ya Bwana John Moir, Wochedwa Mandala

Komiti yanu yaona kuti nkoyenera kuika m'lipoti lino mbiri ya munthu amene dzina lace lidamveka m'dziko lonse lino. Akuluakulu ambiri adagulako nsaru ndi mcere ku sitolo ya Mandala, ndipo ena adaona magalimoto atsopano a Ford alikuturuka pa Mandala Motors ku Blantyre. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti Mandala anali munthu, ndi kuti mbiri yace ikhudza nthaka yathu ya Karonga.

John William Moir anabadwa m'caka ca 1851 mu mzinda wa Edinburgh ku Scotland, ndipo atate wace anali dotolo. Iye pamodzi ndi mng'ono wace Frederick anali a m'gulu la anyamata aja amene mitima yao inagwidwa ndi imfa ya David Livingstone, nakhulupira kuti malonda oongoka ndiwo adzathetsa malonda a akapolo. M'caka ca 1878 eni cuma a ku Glasgow anakhazika kampani imene pambuyo pace inachedwa African Lakes Company, naika abale awiriwa kuti akhale oiyang'anira. Popeza John anali kubvala magalasi a maso onyezimira pa dzuwa, anthu anamucha Mandala. Dzinalo linapitirira kwa kampani, ndi kwa nyumba yosanja imene anamanga ku Blantyre m'caka ca 1882.

Nchito ya kampaniyo inali kunyamula katundu wa amishoni ndi kugula minyanga ya njobvu. Masiku amenewo kunalibe galimoto. Katundu anayenda pa sitima m'mitsinje ndi m'nyanja, ndi pamitu ya amtengatenga. Karonga anakhala doko lalikulu cifukwa pano ndipo panayambira mseu wa Stevenson wolinga ku nyanja ya Tanganyika. Sitolo inatsegulidwa m'caka ca 1884, ndipo woisunga anali Monteith Fotheringham.

Tsono apa ndipo panagona bvuto. Minyanga imene sitoloyo inagula inali kudza ndi Aswahili, amene mkulu wao anali Mlozi, pamodzi ndi Kopakopa ndi Msalema. Iwowa anamanga malinga ao pakati pa Ankhonde, ndipo atalimba anayamba kupasula midzi. M'caka ca 1887 anthu ambiri amene anathawira m'mabango a ku Kambwe anatenthedwa ndi moto, ena nagwidwa ukapolo. Sitolo ya Mandala inazingidwa masiku angapo, ndipo amene anaipulumutsa ndiwo ankhondo a mikondo ocokera kumpoto, kutsidya kwa Songwe. Ici tisaciiwale, pakuti mabuku ambiri atama Azungu okha.

John Moir sanakhale m'ofesi ku Blantyre pamene anthu ace anali m'cisautso. Iye ndi mng'ono wace anafika kuno, namenya nkhondoyo, ndipo onse awiri analasidwa ndi zipolopolo. Frederick Lugard, amene anadzawathandiza m'caka ca 1888, analasidwanso. Nkhondo inapuma ndi pangano limene Harry Johnston anacita mu October 1889, koma inatheratu mu December 1895, pamene linga la Mlozi linagwa ndipo mwini wace anapacikidwa.

Koma mbiri yoona siyamika kokha. M'zaka zomwezo a kampani anayenda kwa mafumu ndi mapepala a mapangano, ndipo mafumu osadziwa kuwerenga anaikapo zizindikiro zao. Pa mapepala otere kampani inadzinenera maekala oposa 2,000,000 m'cigawo ca North Nyasa, ndilo dzina lakale la boma lathu lino, ndipo pambuyo pace malowo anagwa m'manja a British South Africa Company. Motero dzanja lomwe linachinjiriza Ankhonde kwa Mlozi ndilonso linatenga pepala la nthaka yao.

Atasiya nchito ya kampani, Bwana Moir anakhala mlimi pa munda wa Lauderdale ku Mulanje, nakhala mmodzi wa oyamba kubzala tiyi kumeneko. Pambuyo pace anabwerera ku Edinburgh, naweta njuci. Ndipo mabuku ace onena za njuci anawapereka kwa bungwe la aweta njuci a ku Scotland, amene anacha nyumba yao ya mabuku ndi dzina lace. Anamwalira m'caka ca 1940 ali ndi zaka 89, mng'ono wace atatsogola caka cimodzi. Malonda a magalimoto anadza iye atacoka kale, koma anayenda ndi dzina lace zaka zambiri.

Tiphunzirepo ciani, abale? Coyamba, wamalonda amene aima ndi anthu pa tsiku la tsoka, dzina lace silifa msanga. Caciwiri, malonda ali ndi mphamvu yoposa mfuti, ndipo anthu osakhala nao malonda aoao amalamulidwa ndi mwini sitolo. Makolo athu anacizindikira ici pamene anayamba North Nyasa Native Association pano pa Karonga m'caka ca 1912, Levi Mumba ali mlembi, kuti mau a eni dziko amveke. Ife amene talowa m'malo mwao tilimbikitse ana athu pa maphunziro ndi pa malonda, ndipo pasapezeke mmodzi wa ife woika dzanja pa pepala la nthaka asanaliwerenge ndi kufunsa anzace.