Francisco Suárez, Wansembe Wofufuza Gwero la Zonse

Francisco Suárez anabadwira ku Granada, m'dziko la Spain, pa 5 Januwale 1548. Ali mnyamata ku Salamanca anapempha kulowa cipani ca Ayezuiti, koma akuluakulu anayamba amkana, pomuona wofooka m'thupi ndi wocedwa pa maphunziro. Iye sanataye mtima, ndipo anamlandira m'caka ca 1564. Pambuyo pace nzeru zace zinatseguka, kotero kuti yemwe uja adamuyesa mbuli anadzaphunzitsa ku Roma, ku Alcalá, ku Salamanca ndi ku Coimbra.

M'caka ca 1597 anaturutsa buku lace lalikuru, Disputationes Metaphysicae, la magawo 54, lofufuza za kukhalapo kwa zinthu. M'menemo anaphunzitsa kuti ciriconse cimene ciripo ndi cimodzi pacokha. Pa msika wa ku Balaka simungaone umunthu ulikuyenda wokha; muona mai uyu ndi mwana uyo. Komabe dzina lakuti munthu siliri mau acabe, pakuti anthuwo afananadi, ndipo nzeru zathu zisonkhanitsa kufananako m'ganizo limodzi.

Anasiyanitsanso zinthu zokhoza kukhalapo kapena kusakhalapo, ndi Iye amene sangathe kusakhalapo. Anthu a ku Machinga akumbuka kuti nyanja ya Chilwa inaphwa m'caka ca 1968, niphwanso mu 1995. Cinthu cokhoza kutha sicidzipatsa cokha kukhalapo kwace, cicita kulandira. Tsono zonse zikadakhala zolandira, wopatsa akadakhala yani? Cifukwa cace payenera kukhala Mmodzi wosalengedwa, wosalandira kwa wina ali yense, ndiye Mulungu.

M'caka ca 1613 analemba buku lotsutsa James I, mfumu ya ku England, imene inaumiriza Akatolika kulumbira mau opeputsa udindo wa Papa. Suárez ananena kuti ulamuliro wa mafumu ucokera kwa Mulungu podzera mwa anthu. Bukulo analitentha poyera ku London, koma Papa Paulo V anamucha Doctor Eximius, ndiko kuti mphunzitsi wopambana. Anamwalira ku Lisbon pa 25 Seputembala 1617.

Inu aphunzitsi a katekisimu, mwana akakufunsani kuti Mulungu anamlenga ndani, musamkalipire. Funso lomwelo linadya moyo wonse wa munthu uyu. Ndipo mwana wocedwa kumva musamtaye msanga, pakuti Ayezuiti anatsala pang'ono kutaya Suárez.