Bwana J. Desmond Clark, Mkumbi wa Zakale za ku Chencherere

Aphunzitsi achikulire akumbukira kuti m'masukulu a kale mbiri ya dziko lapansi inkayambira ku Roma, ngati kuti kuno kwathu kunalibe kanthu kufikira Azungu atafika. Mmodzi wa anthu amene anagwetsa ganizo limeneli ndiye John Desmond Clark, ngakhale kuti iye mwini anali Mngelezi.

Bwana Clark anabadwira ku London m'chaka cha 1916. Akuphunzira ku Cambridge anazolowera ntchito yofukula zakale motsogozedwa ndi Mortimer Wheeler ku Maiden Castle, linga la paphiri limene mkati mwake muli maziko a kachisi wa nthawi ya Aroma. Koma zotsala za Aroma zinali kale ndi ozifukula ambiri ku Ulaya. Iye analunjika ku Africa, ndipo m'chaka cha 1938 anayamba kuyang'anira nyumba yosungiramo zakale ya Rhodes-Livingstone, mu mzinda wa Livingstone ku Northern Rhodesia, kumene lero ndi Zambia.

Ali kumeneko anayenda kwambiri. M'chaka cha 1950 anafukula mafupa a anthu akale pa phiri la Hora ku Mzimba, ndipo mu 1953 anapeza malo otchuka a pa mathithi a Kalambo. Atasamukira ku Berkeley, ku America, mu 1961, sanatiiwale. Anabweranso kudzakumba kwa Mwanganda ku Karonga, kumene kunapezeka mafupa a njovu pamodzi ndi zida zamiyala.

Koma ntchito imene ikhudza anthu a ku Kabwazi ndi Dedza yense ndi ya m'chaka cha 1972, pamene anakumba m'phanga la Mwana wa Chencherere, m'mapiri a Chongoni. Pakhoma la phangalo pali zojambula zofiira, zimene akatswiri amati n'za Akafula, ndi zoyera za makolo a Achewa. Pansi pake anapezamo timiyala tosongola ta alenje, mafupa a nyama, ndiponso mapale m'dothi la pamwamba. Sanathamangire kufuna chuma chonyezimira ayi. Anasefa dothi pang'onopang'ono, nalemba malo a kanthu kalikonse. Kuleza mtima kumeneku kunabala zipatso iye atapita kale, pakuti ofufuza amene anayesa mafupa a anthu ochokera m'phangamo analengeza mu 2017 kuti ena atha zaka pafupifupi 5,000. Ndiye kuti eni ake anakhala ku Dedza zaka zoposa 2,000 mzinda wa Roma usanamangidwe. N'zachisoni kuti m'mapanga ena otere anthu amalembamo maina awo ndi makala pamwamba pa zojambulazo.

Bwana Clark anamwalira ku Oakland, ku California, m'chaka cha 2002. Patapita zaka zinayi, bungwe la UNESCO linalemba Chongoni, ndi malo ake 127 a zojambula, m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi.