Edwin Swales, kalaliki wa banki amene anafera m'ndege

Edwin Swales anabadwa pa 3 Julayi 1915 ku Inanda, m'chigawo cha Natal ku South Africa, dziko lija makolo athu a kuno ku Angónia ankapitako pa Wenela. Bambo wake anali mlimi, ndipo anamwalira ndi mliri wa chimfine umene unabuka mu 1918. Mayi wake anasamukira ku Durban ndi ana anayi. Atamaliza sukulu, Edwin analembedwa ukalaliki ku banki ya Barclays.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu 1939, anasiya cholembera napita kunkhondo ndi gulu la Natal Mounted Rifles. Anamenya nawo ku Abyssinia, kumene kunalinso asilikali a K.A.R. ochokera ku Nyasaland. Mu 1942 analowa gulu la ndege, ndipo ataphunzira kuyendetsa anamutumiza ku England.

Usiku wa pa 23 Febuluwale 1945 anapatsidwa udindo wotsogolera ndege zokaponya mabomba pa mzinda wa Pforzheim ku Germany. Ndege ya adani inamuombera, mainjini awiri mwa anayi nazima, koma iye anapitiriza kulangiza anzake pa wailesi mpaka ntchitoyo inatha. Pobwerera, ndege yake inayamba kugwa. Analamula anzake asanu ndi awiri kuti adumphe ndi maparachuti, iye natsala ataigwira kuti isapendekeke. Onsewo anapulumuka. Ndegeyo inagwera kufupi ndi Valenciennes ku France, ndipo anamupeza atafa pampando wake. Anali ndi zaka 29. Manda ake ali ku Leopoldsburg, ku Belgium, ndipo atafa anamupatsa mendulo ya Victoria Cross, yoposa zonse kwa asilikali a Britain.

Koma pansi, ku Pforzheim, usiku womwewo anafa anthu oposa 17,000, ambiri a iwo anthu wamba, amayi ndi ana omwe.

Ife a ku Lifidzi, amene ambiri tinathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu mtendere usanadze mu 1992, nkhondo timaidziwa ngati anthu okhala pansi pa zipolopolo. Nchifukwa chake pokumbukira Swales tiwerenge zonse ziwiri: asanu ndi awiri amene anawapulumutsa ndi moyo wake, ndi zikwi zija zimene zinapsera m'nyumba zawo.