Mbusa Donald Fraser wa ku Loudon: Cisomo Cooneka m'Makhalidwe

Aphunzitsi a ku Chikwa ndi a m'cigwa conse ca Luangwa, kwa Asenga a mafumu Kambombo, Tembwe ndi Chikwa, ayenera kudziwa mbiri ya Mbusa Donald Fraser. Iye anabadwa m'caka ca 1870 ku Lochgilphead m'dziko la Scotland, mwana wa mbusa, nadza ku Misyoni ya Livingstonia m'caka ca 1896. Anayamba nchito pa Ekwendeni pakati pa Angoni a M'mbelwa, nasamukira ku Hora, ndipo kuyambira 1902 anakhala pa Loudon, pamene lero pachedwa Embangweni.

Anthu anamucha Cisekeseke, pakuti anali wosekerera munthu ali yense, mfumu ndi mbusa wa ng'ombe yemwe. Dzinali silinali lacabe. Fraser anadziwa kuti Mulungu anamlandira iye mwini kwaulere, wosayenera. Cotero sanaona cifukwa ca kuumira mtima munthu mnzace. Cisomo cimene analalika pa Sabata anacionetsa m'masiku ena asanu ndi limodzi, ndipo cinaoneka makamaka m'zinthu zitatu.

Coyamba ndico ca adani. Kale Angoni anali kutsikira ku Marambo ndi nkhondo, nafunkha midzi ya Asenga, kotero kuti anthu anakhala m'malinga mwamantha. M'caka ca 1898 Fraser anayamba misonkhano yaikuru ya masiku angapo pa Ekwendeni, kumene anthu zikwi anadza kudzamva Mau ndi kudya Mgonero. Mwa Akristu otsitsimuka m'masiku amenewo munaturuka anyamata amene anadzipereka kutsikira kwa Asenga, kumene Fraser yemwe anayendako ulendo wa pansi. Ana a iwo amene anadza ndi nthungo ndi zishango anadza tsopano ndi mabuku ndi masileti, napirira kutentha kwa m'cigwa ndi malungo, nadya nsima m'mbale imodzi ndi anthu amene atate ao anawasautsa. Masukulu a Misyoniyo kwa Asenga anayamba motero.

Caciwiri ndico ca mwambo wa eni dziko. Fraser sanapeputsa nyimbo za Angoni, koma analimbikitsa Akristu kupeka nyimbo za Mulungu m'maimbidwe a kwao. Peter Thole, Mawelera Tembo, Charles Chinula ndi Jonathan Chirwa anapeka nyimbo zimene mipingo iyimba kufikira lero. Anapatsanso akazi okhwima m'cikhulupiriro udindo wa kuyang'anira ndi kulangiza akazi anzao mu mpingo, pa nthawi imene ambiri sanaganizira zotero.

Cacitatu, cimene ciposa zonse, ndico ca mbale wakugwa. Jonathan Chirwa anali mmodzi wa abusa atatu oyamba a ciAfrika amene Livingstonia inadzoza m'caka ca 1914, pamodzi ndi Yesaya Zerenji Mwasi ndi Hezekiah Tweya. Ali pa nchito ku Mwenzo anagwa m'chimo la cigololo, ndipo m'caka ca 1918 anaulula, natula ubusa wace. Amisyoni ena anakana ndithu kuti abwezedwe msanga, poopa kuti dzina la mpingo lingadetsedwe. Fraser sanacepsa chimolo, komatu sanamtaya mbale wace. Anakhala naye pafupi pa Loudon, napenya kulapa kwace, nampembedzera ku Presbiterio caka ndi caka pamodzi ndi Akristu a kumeneko, kufikira Chirwa anabwezedwa pa ubusa m'caka ca 1924. Ndipo anatumikira mokhulupirika kufikira imfa yace.

Fraser anabwerera ku Scotland m'caka ca 1925, namwalira m'caka ca 1933. Mkazi wace, Dotolo Agnes Fraser, anadza nalo phulusa lace ku Loudon, naliika pakati pa anthu amene mwamuna wace anawakonda. Pamene Chirwa anamwalira anaikidwa pambali pace, ndipo awiriwo agona pamodzi.

Mphunzitsi wa pamudzi akomana nazo zitatu zomwezi. M'sukulu mwace muli ana a mabanja odana, muli makolo a miyambo yosiyana ndi yace, ndipo tsiku lina mnzace wa pa nchito kapena mwana wa sukulu adzalakwa kolakwa kwa manyazi. Cilango ciyenera kukhalapo, pakuti cisomo sicibisa chimo. Koma iye amene anakhululukidwa zambiri sangathe kutseka citseko pa wolapa. Fraser anadikira mbale wace zaka zisanu ndi cimodzi, ndipo mpingo unapindula mbusa wabwino.