Antonio de Nebrija ndi Aneni a Chisipanishi

M'nkhani ino ndifotokoza za Antonio de Nebrija, yemwe anabadwira ku Lebrija m'dziko la Spain mu 1444. Ataphunzira ku Salamanca ndi ku Bologna, anayamba kuphunzitsa Chilatini. Mu 1492 anatulutsa galamala yoyamba ya Chisipanishi, panthawi imene akatswiri ambiri ankaona kuti chiyankhulo cha maphunziro ndi Chilatini basi. Iye anagawa aneni m'magulu atatu potengera mathero ake: -ar, -er ndi -ir, monga amar (kukonda), leer (kuwerenga) ndi oír (kumva). Bukuli silinasindikizidwenso mpaka pamene anamwalira mu 1522, koma ine ndimam'lemekeza chifukwa anaonetsa kuti chiyankhulo cha pakhomo nachonso chili ndi malamulo oyenera kulembedwa.