HENRY FORD NDI MUDZI WA MAKOLO ACHE

Ananu nonse munaonapo galimoto irikuyenda pa mseu. Mwa anthu onse amene anachurukitsa magalimoto pa dziko lapansi, palibe wina anamveka mbiri koposa Henry Ford wa ku America. Koma makolo a kwa atate wache wa munthu ameneyu sanali a ku America ai. Anachokera ku Ireland, chisumbu cha pafupi ndi England, ndipo chimene chinawachotsa kwaoko ndi njala.

Gogo wache wa Henry, dzina lache John Ford, anali mlimi wosauka wa ku Ballinascarthy, m'dera la Cork. Munda umene analima sunali wache, koma analipira mwini munda chaka ndi chaka. Masiku amenewo anthu osauka a ku Ireland anadalira mbatata ya kachewere monga ife tidalira chimanga. M'chaka cha 1845 chiwau chinagwa pa mbatatayo nichiibvunditsa, ndipo nthendayo inabweranso zaka zotsatira. Anthu ngati 1,000,000 anafa, ndi ena ochuruka chomwecho anathawira ku tsidya la nyanja.

Chotero m'chaka cha 1847 John anatenga mkazi wache ndi ana ache, nakwera nao chombo. Maulendo a masiku aja anali oopsa, pakuti anthu anathithikana m'zombomo, chakudya chinachepa, ndi nthenda zinapha ambiri. Mkazi wa John anamwalira pa ulendowo, osauona mudzi watsopano. Otsalawo anatsika ku Canada, napitirira kufikira ku Dearborn m'dziko la Michigan, kumene abale a John anali atamanga kale.

Mwa anawo munali William, mnyamata wa zaka ngati 20, wodziwa nchito ya matabwa. Iyeyu anagwira nchito kwa Patrick Ahern, munthu wochokeranso ku Cork. M'chaka cha 1861 anakwatira Mary, mwana wamasiye amene Ahern anamlera, ndipo pa 30 July 1863 kunabadwa Henry.

William anafuna kuti mwana wache akhale mlimi, koma mtima wa Henry unali pa makina. Akali wamng'ono anayamba kumasula mawochi ndi kuwakonza. Pofika zaka 16 anamuka ku mzinda wa Detroit kukaphunzira umisiri wa zitsulo. M'chaka cha 1896 anapanga galimoto yache yoyamba, mu 1903 anayamba kampani yache, ndipo mu 1908 anaturutsa galimoto yochedwa Model T. Anakonza nchito kuti munthu ali yense aime pa malo ache, namange kanthu kamodzi kokha pamene galimotoyo irikupitirira pamaso pache. Potero nchito inafulumira ndi mtengo unatsika, kotero kuti alimi omwe anakhoza kugula. Pofika 1927 anali atapanga magalimoto a mtunduwu 15,000,000.

Ngakhale analemera chomwecho, sanaiwale zimene anamva za dziko la atate wache. M'chaka cha 1912 anaoloka nyanja pamodzi ndi mkazi wache Clara ndi mwana wao Edsel, nakafika ku Ballinascarthy, nafunafuna malo pamene anakhala makolo ache. Anaonanso umphawi wa anthu a ku Cork ndi kusowa kwao kwa nchito. Chifukwa chache mu 1917 anayamba kumanga fakitale yaikuru mu mzindawo, ndipo mu 1919 munaturuka makina oyamba olimira m'munda. Anthu zikwizikwi anapeza nchito m'menemo kufikira chaka cha 1984, pamene inatsekedwa. Nyumba yache yomwe ya ku Dearborn anaicha Fair Lane, ndilo dzina la kamseu ka ku Cork kumene anachokera Patrick Ahern, amene analera amache.

Ford sanali munthu wopanda chirema. Nyuzipepala yache inafalitsa mau oipa onamizira Ayuda, ndipo mu 1927 anapepesa poyera. M'zimenezi tisamtsanze. Anamwalira pa 7 April 1947.

Koma m'chinthu ichi achite nafe ngati mphunzitsi: anadziwa kuti chuma chache chinayambira pa anthu anjala amene analimba mtima nakwera chombo, ndipo sanachite nao manyazi. Akuru amati, kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Nanga inu mudziwa kumene anachokera makolo anu? Funsani agogo anu akali moyo maina a akuru a pfuko lanu, midzi imene anasamukako, ndi chimene chinawasamutsa. Mukamva, mulembe bwino m'buku lanu, kuti ana anu adzadziwenso.